Chigulumwa cha ku Joni

Ganyu yanga yoyamba muno mu Joni inali yodyetsa ng'ombe zanyama pa famu ina kuseri kwa Kya Sand. Kumeneko ndinaphunzira kuti ng'ombe ikangobereka imatha thupi, mphamvu zonse zimathera ku mkaka wa thole, ndipo ikapanda kudya bwino nkhunzi imangovutika chabe. Nchifukwa chake tinkaziikira chigulumwa cha mchere wosakaniza ndi michere ina kuti zizinyambita. Zikatero sizichedwa kutenganso bere.

Kumudzi amayi anali ndi ng'ombe imodzi yokha. Inabereka, inawonda nthiti mbee, chaka n'kutha osatenganso bere. Amalume anali atayamba kale kunola mpeni, akuti ikapanda kusintha idyedwa pa Khirisimasi. Zinandiwawa koopsa, poti ng'ombeyo anaisiya ndi malemu bambo.

Ndinagula chigulumwa, n'kuchinyamula pamutu mpaka ku Bertrams kumene ndinkagona, anzanga akundiseka kuti ena akutumiza mafiriji, iwe ukutumiza mwala. Asiyeni aseke, ndinachipereka ndithu kwa transipota kuti akachitule kwa amayi kumudzi.

Patapita nthawi ndinaimba foni ya vidiyo. Eish! Chigulumwa changa chili neng'aa patebulo pabalaza, achifunditsa kansalu koluka, pamwamba aikapo maluwa apulasitiki.

"Amayi, chimenecho n'cha ng'ombe! Kachiikeni m'khola!"

"Iwe, mutu ukuyenda bwino?" anatero amayi. "Katundu wochokera ku Joni ndikamuike m'ndowe? Anthu akabwera aona chiyani choti mwana wanga watumiza?"

Ndinakalipa, ndinachonderera, mpaka mayunitsi anatha. Amayi anga akakana, akana basi. Koma ng'ombe ankaifunanso, ndiye anapeza nzeru yawoyawo. M'mawa uliwonse ankachotsa kansalu ndi maluwa, kutsegula chitseko, ng'ombe n'kulowa pabalaza kudzanyambita. Ikatha ankaitulutsa n'kukolopa.

Inanenepa, inatenga bere, amalume anakhumudwa poyera.

Nditapita kukacheza, m'mawa woyamba ndinakhala pampando wa pafupi ndi tebulo, tiyi m'manja, ndikudzimva kuti ndine munthu wa ku Joni. Amayi anasuzumira pakhomo, kumbuyo kwawo kukuoneka nyanga.

"Tasuntha apo, wakhala pamalo pa eni ake. Si ukuona kuti ndi oyembekezera?"

Tiyi ndinakamalizira pakhonde.