Kuno Gadiyani Kulibe

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, pamene adokotala a mumzinda wa Perth, kunja kuno, anatiuza kuti mtsempha wa mtima wa amuna anga watsekeka. Mwana wathu wamkazi, amene tinkakhala naye ku Rockingham, kunja kwa mzindawo, ndiye ankamasulira. Anati ndi ukalamba wawowo, kuwang'amba fupa la pachifuwa sangapirire. Adzangoboola pang'ono pakati pa nthiti n'kulumikiza mtsempha wina, mtima ukugundabe.

Za opaleshoniyo sindinazimvetse. Chimene ndinkadziwa ine ndi ugadiyani. Kwathu wodwala sagona yekha m'chipatala. Mayi anga ndinawadwazika, apongozi anganso, ndikugona pansi pafupi ndi bedi. Choncho tsiku lokawagoneka ndinamanga beseni, kapu, sopo ndi zitenje.

"Amayi, tikusamuka kodi?" anandifunsa amuna angawo m'galimoto.

"Nanga akakusambitsani ndani?"

"Anamwino achitsikana. Nsanje muisiye kunyumba."

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba.

Ku wodi, mwana wathu analankhula ndi namwino kwa kanthawi, kenako anandigwira dzanja. "Amama, kuno gadiyani kulibe. Nthawi yoona odwala ikatha, tonse tizipita."

"Nanga ululu ukawathawitsa Chizungu, auza ndani?"



Opaleshoni inayenda bwino. Mawa lake bambowo anandionetsa pamene anawamata, pansi pa bere lakumanzere. "Khasu linandivulaza kuposa apa," anatero. Koma ankapuma movutika, ndipo chifuwa chinayamba. Adokotala anati ndi chibayo. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima, n'kukaima pakhomo la wodi kudikira kuti atsegule. Madzulo ndikamatsanzika ndinkangoopa chimodzi, kuti adzandiitana ine kulibe.

Lolemba m'mawa tili m'sitima, foni ya mwana wathu inalira. Anamvetsera, osandiyang'ana.

Tinawapeza atatisiya kale. Namwino wina, maso ali ofiira, anati anawagwira dzanja mpaka kumapeto. Anatinso bambowo analankhula kwa nthawi ndithu, modekha, koma m'chilankhulo chathu. Ndinamupempha kuti ayese kutchula ngakhale liwu limodzi. Anayesa, mwana wa eni, koma sizinamveke.

Sindikudziwa ngati ankapemphera, ankafuna madzi, kapena ankaitana ine.

Masiku ano ndikamva kutchalitchi kuti mkulu wina wa kwathu wagonekedwa, ndimakwera sitima. Ndimalowa akangotsegula, n'kukhala pambali pa bedi kumvetsera mpaka atanditulutsa.