Likasa Lolembedwa ndi Dzanja Langa

Anzanga, Levi ndinadziwana naye chifukwa cha Biology.

Tinali Form 4 pasukulu ina kufupi ndi Mbulumbuzi. Tsiku limenelo ndinali nditakhala pansi pa mango, ndikujambula mind map ya momwe chakudya chimagayidwira m'thupi. Iye anangoima kumbuyo kwanga.

"Hannah, anzako akuwerenga, iwe ukujambula akangaude?"

"Kangaude ndi iweyo. Khala pansi uone."

Ndinamuonetsa. Mutu wa phunziro umakhala pakati pa pepala, kenako nthambi, iliyonse liwu limodzi basi, osati chiganizo. Ziwalo ndi cholembera chofiira, ma enzyme chobiriwira. Pamene pakundivuta ndimaika kachithunzi. Ukamaliza umatseka buku n'kujambulanso kuchokera m'mutu, mpaka ikhazikike.

"Ndiye mutu wakowu ndi wodulatu," anatero akuseka. Kuseka kwakeko, anzanga... ndinagwa nako!

Term yonse tinkawerengera limodzi. Ankandikweza panjinga yake, ankandibweretsera nandolo wophika wa kumunda kwa amayi ake. Koma kujambula map yakeyake, ayi.

"Zako ndi zokongola kale bae, ndivutikirenji?"

"Map ya mnzako siikhala m'mutu mwako, Levi."

"Chabwino, ingondibwereka ya Biology ija ndikaonere kunyumba."

Ndinamupatsa. Musandiseke, chikondi chimapusitsa.

Mayeso a mock atayandikira, ahedi athu, a Kalinde, ananeneratu pa assembly kuti wogwidwa ndi likasa achotsedwa sukulu, ndipo MSCE ya chaka chino aiwale. A Kalinde sabwereza mawu.

Tsiku la Biology, desiki ya Levi inali pafupi ndi yanga. Ndili mkati molemba ndinangoona aphunzitsi oyang'anira akuwerama pakati pathu, n'kutola kapepala kopindapinda. Atakatambasula ndinaona zofiira ndi zobiriwira.

Mtima unangoti phaa! Inali map yanga ija.

Ku ofesi anatiimika tonse awiri.

"Pepala ili ndi la ndani?" anafunsa a Kalinde.

Ndinamuyang'ana Levi. Ndinkadikira kuti alankhule ngati mwamuna.

"Si langa, sir. Onani handwriting, ndi ya Hannah. Sukulu yonse ikudziwa kuti amajambula zimenezi ndi iyeyu."

Eee! Ndinaganiza za amayi anga, momwe ndikawauzire kuti zaka zinayi zathera pa kapepala.

"Hannah, dzanja ili ndi lako?"

"Ndi langa, sir. Koma sindinalowe nalo ine. Ndinamubwereka Levi sabata yatha."

"Akunama!" anakuwa Levi, osandiyang'ana n'komwe.

Ine ndinati, "Sir, lisungeni pepalalo, mundipatse lina. Chinthu chili m'mutu ndilowe nacho m'thumba chifukwa chiyani?"

A Kalinde anatipatsa aliyense pepala loyera. "Jambulani nonse."

Nditayamba kujambula, nthambi zinkabwera zokha. Kukamwa, kummero, chifu, kapamba, matumbo, enzyme iliyonse pamalo pake, ngakhale kachithunzi ka mbuzi kamene ndinajambula pa chiwindi mu map yoyamba ija. A Kalinde anayerekeza ndi lija, kenako anasuzumira la Levi. Iye anali atangolemba mutu pakati, n'kuuzunguliza kawiri.

"Hannah, bwerera ukamalize mayeso. Levi, tsala."

Ndinamaliza pepala la mayeso lija misozi ikudonthera pa desiki.

Poweruka ndinamupeza panjira ya kwathu, atatsamira njinga yake. Mumtima ndinati mwina wabwera kudzapepesa, ndipo anzanga, kunena zoona ndikanamukhululukira.

"Wasangalala? Andichotsa sukulu."

"Levi, umafuna achotse ine?"

"Ukanangovomera, Hannah. Iwe ndi wanzeru, ukanadzakhozabe chaka chamawa. Nanga ine?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono, ankaona ngati wolakwa ndine.

MSCE ndinalemba, ndipo Biology ndinakhoza bwino. Koma mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Munthu amene ndinkamukonda anali atawerengera kale kuti chaka changa chikhoza kutayika, bola chake chisatayike.