Anapaka mkwatibwi mankhwala a tsitsi, m'salau mulibe ndi dontho la madzi

Musanakhale pampando wa salau iliyonse yokonzera tsitsi muno mu Lichinga, pitani kaye mukatsegule mpopi wawo ndi dzanja lanu. Ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo. Mng'ono wanga Asiyatu akukwatiwa Loweruka likubwerali, koma panopa ali chigonere chafufumimba pabedi panga, mutu uli zilonda kuyambira paliwombo mpaka kunkhongo.

Asiyatu amakhala ku Meponda, kunyanja, ndi amayi athu. Chibadwire tsitsi lake silinalaweko mankhwala, amangoluka basi. Linali tsitsi lambiri, lakuda bii, lothyola zipeso. Iye anangofuna chinthu chimodzi pa ukwati wake: kuti liwongoledwe, ligone. Lachiwiri m'mawa anakwera chapa, timaminibasi tathu tija, kubwera kuno, ine n'kupita naye ku salau ina kufupi ndi msika waukulu. Ya magalasi khoma lonse, zithunzi za akazi okongola pazenera, mipando yozungulira. Dzina sinditchula lero. Mwini wake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga.

Tinapezamo mayi mmodzi wokonza tsitsi, wa zikhadabo zazitali zofiira. Anasakaniza mankhwala owongolera aja, amene iwo amati desifirizo, n'kuyamba kupaka. Anandiuza kuti, “Mana, m'bale wanga, pitani mukagule zanu. Uyu timusamala ngati dzira.” Ndinapitadi kumsika kukafuna nsalu ya mpango wa ukwati.

Pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Sabata yonse yathayi Asiyatu anali m'manja mwa anankungwi kumudzi, kumulangiza. Anamuuza kuti mkwatibwi sakweza mawu pagulu, sadzutsa nkhope, sadandaula ngakhale chimupweteke chotani. Mwanayo ndi womvera. Malangizowo anawatenga onse ndi mtima umodzi.

Ndinabwerako patapita ola lathunthu ndi kanthu. Ndili pakhomo, fungo linandilonjera, fungo lija la tsitsi likamapsa. Mkati munali zii. Asiyatu anali pampando pomwe ndinamusiya, mutu uli mbuu ndi mankhwala, nkhope pansi. Manja atagwira mpando zolimba. Misozi ikungodonthera pansalu, iye osatulutsa ndi liwu limodzi. Mayi wa zikhadabo uja ali pakona, akusewera ndi foni.

Ndinafunsa kuti bwanji simunamutsuke mpaka pano?

Akuti, “Kalima, mana, mtima pansi. Madzi kulibe. Dona apita kukapempha kunyumba yoyandikana.”

Dona ndiye mwini salauyo. Ndinathamangira kumpopi, ndinapotokola, unangotulutsa mpweya. Ndinavundukula diramu ya kuseri kwa chitseko. Youma gwa, pansi pake pali fumbi. Madziwo sanathe m'mawa umenewo ayi. Anthuwa anatsegula salau akudziwa, anasakaniza mankhwala akudziwa, anapaka mwana wa eni akudziwa. Amati amutsuka ndi chiyani? Malovu?

Ndinatola chitini cha mankhwalawo. Palembedwa poyera kuti asapyole mphindi makumi awiri. Nditamuonetsa mayiyo, yankho lake ndi limene likundizizira m'mafupa mpaka lero.

Anati, “Ife sitiwerenga zimenezo. Munthu akayamba kukuwa kuti kukuotcha, ndiye timadziwa kuti zapsa. Uyu sananene kanthu.”

Mwamva? Wotchi ya salau imeneyi ndi kukuwa kwa munthu. Ukakhala wopirira, akusiya pomwepo mpaka khungu lisupuke.

Ndinatuluka liwiro, ndinagula madzi a m'mabotolo pa kagolosale ka patsidya. Mukukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi uno. Ndinamuweramitsa mng'ono wanga pakhonde, anthu akudutsa, ndikumuthira madzi ozizira ngati a mufiriji. Iye akunjenjemera, mano akugundana. Nditalowetsa zala m'mutu kuti nditsukuluze, tsitsi linangotsatira dzanja langa ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Pansi pake panali pofiira, ponyowa. Ndinalira ine, pamsewu, mayi wamkulu.

Ndipamene Dona anatulukira, chidebe chosadzaza m'manja, akuyenda ngati palibe chachitika. Anayang'ana mutuwo, anayang'ana tsitsi lili pansi. Mukuganiza kuti anapepesa? Anati tsitsi la akazi a kunyanja ndi lofooka kale chifukwa cha dzuwa ndi utsi wa nsomba. Kenako, opanda manyazi, anati, “Musadandaule, mana. Tili ndi maperuka abwino, abwera kumene. Mkwatibwi akavala, palibe adziwe.” Kumuotcha mwana, n'kufunanso kutigulitsa tsitsi lovala kuti tibise ntchito yawo!

Tinakwera njinga yamoto kupita kuchipatala. Namwino atayang'ana anangopukusa mutu. Anati khungu lapsa kwambiri, ndipo paliwombopo sangalonjeze kuti tsitsi lidzameranso. Anatinso zilondazo zisamangidwe ndi nsalu zolimba, zizipitidwa mphepo. Tsono ndiuzeni, mkwatibwi wa Chisilamu akhala bwanji pa nikaha, mwambo womangira ukwati wake, mutu uli pamtunda? Ndipo akamangadi mpango tsiku lonse, madzulo ake tidzaumatula bwanji pazilondazo?

Pobwerera kunyumba Asiyatu anandinong'oneza kuti, “Achemwali, ndimaona ngati ndi mmene zimakhalira. Ndimati ndikalira, anena kuti wa kumudzi.” Mawu amenewa akundidya.

Lero m'mawa ndinadutsa dala pa salau ija. Ndi yotsegula. Nyimbo zikulira. Pampando pali mtsikana wina, thaulo paphewa. Ino ndi nyengo ya maukwati, atsikana akubwera kuchokera ku Lione, ku Meponda, konsekonse, onse atalangizidwa kuti azipirira. Akulowa mmodzimmodzi m'manja mwa anthu amene amadikira kukuwa.

Choncho amayi anzanga, magalasi ndi zithunzi za pazenera zisakunamizeni. Onani madzi ndi maso anu asanatsegule chitini. Funsani kuti mankhwalawa akhala nthawi yotani, muone ngati akudziwa n'komwe. Mwana wanu musamusiye yekha, ngakhale akusekerereni chotani. Ndipo mumuuze kuti pampando wa salau malangizo a anankungwi sagwira ntchito: kukaotcha, akuwe.

Inu Dona, ndili ndi pempho limodzi. Amayi athu akukwera chapa ya mawa m'mawa kuchokera ku Meponda. Sakudziwa kanthu. Pafoni andiuza mosangalala kuti anyamula kabotolo ka mafuta a nsatsi, oti adzadzoze tsitsi la mwana wawo ndi manja awo asanamupereke kwa mwamuna. Bwerani kunyumba kwanga, mudzaime pakhomo, mudzawauze ndinu. Ine pakamwa panga pakana.