Zopondera Zimene Amalume Anasula

Chopondera cha kumanzere cha pa njinga ya amalume chikadalipo. Ndimachisunga m'chitini chakale cha mabisiketi pamwamba pa kabati: kachitsulo kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kovekedwa mphira wakuda amene tsopano wang'aluka. Ukakakankha ndi chala kamapindikabe ndi kulira kuti "kha", monga kankachitira zaka zoposa makumi asanu zapitazo. Amalume anandipatsa okha tsiku limene anagulitsa njinga yawo yamoto.

Achibale akamasimba nkhani yake, makamaka pa maliro anthu akatopa ndi nyimbo, amanena kuti amalume analakwitsa muyeso. Ena amawonjezera kuti anagwira ntchitoyo ataledzera. Mwezi wathawu ndinamva mnyamata wina wa m'banja mwathu, amene amalumewo sanawaonepo n'komwe, akuseka kuti anali mmisiri woyeza ndi maso. Zonsezi si zoona. Amalume sankalawa mowa chitsulo chili pamoto, ndipo muyeso umene anapatsidwa anautsata osaphonya ngakhale ndi chikhadabo. Amene anawapatsa muyesowo ndine.

Tinkakhala ku Libuyu, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine, amayi ndi mlongo wanga. Bambo ankagwira ntchito kutali ku migodi ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Ndinali ndi zaka khumi, mlongo wanga zisanu ndi zitatu. Poliyo anamugwira ali wakhanda, ndipo mwendo wake wa kumanzere unatsalira, wowonda ndi waufupi. Chilimwe cha chaka chimenecho anagonekedwa m'chipatala kuti madokotala awongole bondo ndi kumuveka chitsulo chochirikiza mwendo, chochokera m'ntchafu kufika kunsi kwa nsapato. Kunali kotentha moti mchenga wa m'njira unkaotcha mapazi dzuwa lisanakwere n'komwe, ndipo nthunzi ya mathithi a Mosi-oa-Tunya, imene m'miyezi ya madzi ambiri tinkaiona tili pakhomo, inali itachepa ngati utsi wa fodya.

Aphunzitsi a kalasi yoyamba, mayi wamtali amene ankapemphera nafe, analonjeza kuti amusungira malo sukulu ikatsegulidwa mu Januwale, koma pokhapokha ngati azifika tsiku lililonse, pakuti ana ofuna malo anali ambiri kuposa mabenchi. Mlongo wanga anali atadikira kale zaka ziwiri. Ankatenga makope anga akale n'kumatsata zilembo ndi chala, osadziwa chimene zikunena. Vuto linali ulendo. Sukulu inali kutali, ndipo ndodo zoyendera zimamira mumchenga wa kwathu.

Amalume, mlongo wa amayi wamng'ono, ankawotcherera zitsulo pa galaja ina m'tauni. Anali ndi njinga yamoto yofiira imene anaigula yakufa n'kuidzutsa okha. Anati azimutenga mwanayo m'mawa uliwonse popita ku ntchito. Njingayo inalibe zopondera za wokwera kumbuyo, ndipo anakana kugula za m'sitolo, chifukwa zimenezo zimakhala zolingana pamene miyendo ya mwanayo sinali yolingana. Anatinso zikhale zopinda, kuti pomukweza chitsulo cha mwendo wake chisakole. Akakhazikika pa chishalo, ndiye zitsitsidwe, phazi lililonse lipeze pake.

Ana sankaloledwa kulowa m'wodi, ndipo nthawi yoona odwala inkakumana ndi nthawi ya ntchito ya amalume. Choncho amayi anayeza okha, ndi chingwe chosokera matumba a chimanga. Anamukhazika mwanayo pa mpando, nayeza kuchokera pokhalira kufika ku chidendene, namanga mfundo ziwiri: yoyamba ya mwendo waufupi, yachiwiri ya mwendo wabwino. Pakati pa mfundozo pankalowa zala zinayi za amayi. Anandipeza pa geti la chipatala pamene ndinkawadikira, nandikulungira chingwecho m'dzanja. "Upereke m'manja mwa amalume ako. Usaseweretse."

Chifukwa cha zimene ndinachita ndachifufuza zaka zambiri, ndipo sindinapeze china cholemekezeka kuposa ichi: ndinkafuna kumakwera njingayo inenso, ndipo ndinkachita manyazi. Anzanga ankandilemekeza pa chinthu chimodzi chokha, chakuti mwini njinga yofiira ndi amalume anga. Ndinaiona m'maganizo ikudutsa pa msika, chopondera china m'mwamba china mmunsi, anyamata akukuwa kuti njinga nayonso yalumala, ine nditakhala pamenepo chopendekera. Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi njanji, ndinamasula mfundo yoyamba ndi mano. Ndikukumbukirabe kukoma kwa chingwecho, fumbi la gaga ndi mchere wa thukuta. Ndinaimanganso mmunsi, kusiya mpata wa chala chimodzi, kuti bodza lioneke ngati lili ndi ulemu.

Amalume anatambasula chingwecho pa benchi la ntchito, nachiyang'ana nthawi yaitali. Ankalankhula Chinyanja cha m'tauni, ndipo ngakhale ndatha moyo wanga ndikukonza ziganizo za ana asukulu ndi inki yofiira, mawu awo ndiwasiya monga anatulukira.

"Iwe mwaiche, ba sisi bapima bwino apa? Ni chala chimozi chabe?"

Ndinayankha kuti madokotala aukoka mwendowo, ndipo watalika. Yankho limenelo sindinalikonzekere. Linangobwera, losalala ngati mafuta. Amalume anakhala pa tayala lakale, nakankhira magalasi awo akuda pa chipumi. Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi kansalu ka girisi, kamene kanawasiyira mzere wakuda pa tsaya. Anandituma kukagula botolo la chakumwa chozizira kuti tikondwerere mwendo wa mwana. Iwo analawa kamodzi, lotsalalo anandipatsa. Ndinamwa lonse.

Ntchitoyo inatenga masana a Loweruka katatu, mwini galaja atawalola kugwiritsa ntchito zipangizo. Anadula zidutswa ziwiri pa ndodo yachitsulo ya bedi lakale. Chitsulo china chafulati anachiotcha mpaka kufiira, nachipinda pa chopanira cha vayisi kuti chikhale ngati nsagwada, nachiboola ndi chiboolero cha pamanja kuti bawuti ilowe ndi kukhala msana wa hinje. Sipuling'i anaichotsa pa chishalo cha njinga yakapalasa, ndipo anaifupikitsa katatu konse, kufikira chopondera chikapindidwa chizigwira chokha osagwedera. Ya kumanja inawavuta: inadumpha n'kukagwera m'ngalande, ndipo tinaifunafuna mpaka ntchentche zinatitopetsa. Fungo la kabayidi wa m'chitini chowotcherera linali ngati la adyo wowola, ndipo linkatsalira m'malaya mpaka Lolemba. Ndimamvabe kulira kwa tupa, ndi kufwanthamuka kwa madzi a m'chidebe chitsulo chamoto chikaviikidwa. Mphira anadula ku paipi yakale ya rediyeta, naufewetsa m'madzi otentha kuti ulowe. Ku nsonga ya chopondera cha kumanzere anawotchererako kamlomo kotchinga nsapato kuti isaterereke, nakasalaza kwa ola lathunthu kuti kasadzang'ambe diresi.

Munthu woyeza ndi maso sachita zimenezo. Nthawi iliyonse asanalembe ndi choko pa fulemu ya njinga, amalume ankachotsa chingwe pa msomali n'kuyezanso kuchokera pa chishalo. Nsonga ya pamwamba inkafuna woigwira, ndipo woigwirayo ndinali ine.

Zitatha, anandikweza kuti tiziyese. Tinapita mpaka njira ya ku bwalo la ndege ndi kubwerera, mphepo yotentha ikundiumitsa mano chifukwa cha kumwetulira. Mapazi anga onse awiri anakhala bwino kwambiri. Pa msika anzanga anandiona, ndipo palibe amene anaseka.

Mlongo wanga anatuluka m'chipatala Loweruka, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Mvula inali itayamba, ndipo pabwalo pankanunkhira dothi lonyowa. Lamlungu titachoka kopemphera, amalume anabwera ndi njinga, napinda zopondera, namunyamula mwanayo ndi kumukhazika pa chishalo, kenako nazitsitsa ndi phazi. Anali atavala diresi lalitali limene amayi anamusokera kuti libise chitsulo. Amalume anaima kumanja atagwira chiwongolero.

"Yafika mendo?"

"Yafika, ba malume."

Ine ndinaima kumbuyo, ndipo ndinaona zimene diresi linabisa kwa enawo. Mwanayo anali atasendera kumanzere kwa chishalo, thupi litapendekeka, ndipo nsonga ya nsapato yokha ndiyo inkakhudza mphira. Amayi anawomba m'manja. Pa zonse za nyengo imeneyo, kukhala chete kwa Lamlungu limenelo ndiko kumandilemera koposa, pakuti mfundo ndinaimasula ndisanaone kanthu, koma apa ndinaona ndi maso anga, pakamwa panga pali potsegula.

Ngozi inachitika Lolemba m'mawa, pa ulendo woyamba wa ku sukulu. Sindinaione, ndinali nditatsogola wapansi ndi anzanga. Inachitika pamalo pamene madzi a mvula anadula msewu, pafupi ndi msika. Amalume ankayenda pang'onopang'ono, monga onse amene anaona anachitira umboni. Njinga inadumpha pang'ono, nsapato inachoka pa mphira, ndipo chitsulo cha mwendo chinalowa m'masipoko a tayala la kumbuyo. Fupa linathyoka pamwamba pa bondo, pafupi ndi pamene madokotala anasoka. Amalume anapsa katumba ndi paipi ya utsi, koma anasiya njinga ili gone m'matope, nathamanga ndi mwanayo m'manja kufikira galimoto ina inawaimira. Sileti yatsopano ya mlongo wanga anaitola mayi wina wogulitsa tomato, naibweretsa kwathu yosasweka.

Madzulo a tsiku lotsatira amalume anabwera kunyumba akutsimphina. Amayi anali pakhonde, ine pambali pawo. Amayi sanakuwe. Anati, "Ndinakupatsa muyeso. Ntchito yako inali kutsata chingwe basi."

Chingwecho chinali m'thumba la ovololo ya amalume. Ndinaona nsonga yake ikusuzumira. Anali atabwera nacho, ndipo dzanja lawo linali pomwepo. Anayang'ana amayi. Kenako anandiyang'ana ine, kanthawi kochepa, popanda ukali. Dzanja linachoka pa thumba.

"Ni ine, ba sisi. Sininapime bwino."

Mlongo wanga anakhala m'chikhakha miyezi isanu. Aphunzitsi anabwera kawiri ndi choko ndi kabuku ka zilembo. Ulendo wachitatu anabwera kudzanena, atayang'ana pansi, kuti malo aperekedwa kwa mwana wina. Amayi analumbira kuti mwana wawo sadzakweranso njinga yamoto, ndipo njira ina yopitira ku sukulu panalibe. Mlongo wanga m'kalasi sanalowemo konse. Kuwerenga anadziphunzitsa yekha ndi makope anga, kusoka anaphunzira kwa amayi, ndipo lero amasoka zikwama za chitenje zimene anyamata amakagulitsa kwa alendo ku mathithi. Amalume anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ankakhala panja. Anthu a ku Libuyu anasiya kuwapatsa mageti ndi mawindo oti awotcherere. Amalume anamwalira zaka zambiri zapitazo osainenapo nkhaniyi kwa munthu.

Masiku amenewo ndinkaganiza kuti ndapulumuka chifukwa amalume ndi oiwalaiwala, kuti sanakumbukire zimene ndinawauza za mwendo wotalika. Ndinkawaonanso ngati opusa pang'ono. Sindikanatha kumvetsa kuti chingwe chikanatuluka m'thumba, mlandu ukanatsala pa anthu awiri okha, mayi amene anamanga mfundo kapena mwana amene anazinyamula, ndipo onse awiri anayenera kugona m'nyumba imodzi ndi wodwalayo, kumusambitsa ndi kumutembenuza. Amalume ankagona kwina. Anaona kuti mlandu ukhoza kupita nawo kwawo, ndipo anapita nawo.

Mlongo wanga ndamuuza zoona chaka chino. Ndinamupeza pa makina ake, ndipo ndinalankhula mwadongosolo monga ndinakonzera, kuyambira pa geti la chipatala. Anaimitsa phazi pa chopalasira.

"Achimwene, ine zaka zonse izi nimaganiza ni ine. Ninamvela kuti mwendo siufika, koma ninayopa kuti bazanisiya pa nyumba."

Kenako anandipempha kuti ndimupatsire sizasi, napitiriza kusoka. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamufunse.

Mmisiri akamaliza ntchito amatchula mtengo wake. Amalume sanatchule, choncho ndiulemba ine.

Ndodo ya bedi lakale, sipuling'i ndi mphira: zotola.

Mabawuti awiri ndi manati ake: ngwee makumi awiri, za amalume.

Kabayidi ndi waya wowotcherera: Lamlungu limodzi la amalume, logwirira mwini galaja popanda malipiro.

Miyezi isanu m'chikhakha: mlongo wanga.

Malo pa benchi la kalasi yoyamba, ndi makalasi onse otsatira: mlongo wanga.

Zaka zoposa makumi asanu zodziimba mlandu: mlongo wanga.

Njinga, makasitomala, ndi mpando wa m'nyumba mwa mlongo wawo: amalume.

Dzina la mmisiri: amalume, mpaka lero.

Ine: sindinalipire kanthu.