Mzere Wapakati

Ine kuvina ndinaphunzira ndili ndi mwana kumsana, ndipo sikunali kufuna kwanga ayi. Kwathu ku Chipata bambo anali mkulu wa mpingo, ng'oma ikalira ankatitsekera m'nyumba. Nditakwatiwa ku Lundazi ndinapeza benchi pamsika, n'kumagulitsa matimati. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo lamulo la pamsika aliyense ankalidziwa: kukabwera akuluakulu, msika utsekedwe, amayi onse akavine. Wosavina, benchi yake ankapatsa wina.

Anandiphunzitsa ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Tinkapita kuseri kwa chigafa cha fodya, iye akuomba m'manja.

"Alamu, phazi lamanja patsogolo, lamanzere litsatire chokhwekhwereza. Bwererani. Iyayi! Mukuponda ngati mukuponda dothi la njerwa!"

Ndinkapsa mtima, ine munthu wamkulu kumasekedwa chonchi. Koma mapazi anayamba kumva. Tsiku lina ndinawonjezapo kanga, kudumphira pachidendene n'kutembenuka. Mlamu anasiya kuomba.

"Chimenecho musadzachitenso. Amene amatsalira kumbuyo, amayi atcheya a pamsika pano amati akunyoza chipani. Amene ali patsogolo amakwezedwa lole kukavina kutali, tsiku lobwera salidziwa. Inu muli ndi khanda. Malo anu ndi pakati. Phazi lisachoke pansi, maso pachitenje cha mnzanu."

Ndiye ndinaphunzira kuvina mosaoneka. Ntchito yowawa imeneyo, ndikuuzeni! Kulakwitsa sungalakwitse, kukometsa sungakometse. Ng'oma ikukuitana, iwe uli ngati mbuzi ya pachingwe. Ndinkabwerera kunyumba nditatopa ndi kudziletsa, osati ndi gule.

Tsiku limene zinandionekera, tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, alendo osafika. Mwana ndinali nditamusiya kwa apongozi. Atafika alendowo, oimba ng'oma anachita kutulutsa mkwiyo wonse wa kudikira. Sindikudziwa chinandilowa. Chidendene chinadumpha chokha, ndinatembenuka, nthungululu zinamveka. Ndinamva kukoma, sindinama. Nditacheuka ndinaona mlamu atagwira pakamwa.

Amayi atcheya anandikoka dzanja, akundithokoza m'Chitumbuka. "Yewo, mama! Mumabisala kuti masiku onsewa? Patsogolo!"

Ndinawagwadira, n'kunena kuti ndili ndi mwana woyamwa.

"Agogo ake alipo, phala lilipo. Kapena benchi yakutopetsani?"

Gule atatha anandikweza lole. Lole inanyamuka tsiku lomwelo, ndipo ana sankaloledwa.

Madera amene tinazungulira sindiwakumbukira bwino. Chimene ndimakumbukira ndi mabere kutupa mpaka m'khwapa, mkaka kunyowetsa bulawuzi, ine ndili patsogolo mano poyera, chifukwa wa patsogolo sakwinya nkhope. Gule akatha ndinkathawira kuseri kwa sukulu imene tinkagonamo, kukafinyira mkaka pansi, ndikulira. Ndikafunsa kuti tibwerera liti, ankati msonkhano watsala umodzi. Ukatha umenewo, kunkabadwa wina.

Tsiku lobwera ndinathamangira kwa apongozi chikwama chili pamutu. Mwana anali pamphasa, wonenepa bwinobwino, phala lili kukamwa. Ndinamunyamula, ndinakhala pansi, n'kumuika pabere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuza mutu, manja atatambasulira agogo ake. Ndinayesanso madzulo, ndinayesanso m'mawa mwake.

Benchi inakhalabe yanga. Mwana sanayamwenso.