Mpata wa pakhosi pa mtsuko

Senderani kuno anzanga, makutu anga anakalamba ndipo mawu safikanso patali. Ndikukumbukira kwathu kwa Mlolo, masiku amene mlatho wa njanji ku Chiromo unali ukadali chinthu chokaona. Ine Ndaziona ndinali kamtsikana kongomera kumene mano atsopano, ndipo mayi anga anali woumba mbiya.

Dongo tinkakumba m'dambo madzi akaphwa, lakuda, lonunkha ngati mvula yoyamba. Mtsuko ukauma pang'ono, mayi ankausalaza ndi chigoba cha nkhono mpaka kuwala, kenaka n'kutenga munga wa mlamba kulemba pakhosi. Ankayamba ndi mafunde atatu, pansi pake timizere topendekera ngati nthiti za nsomba, n'kupaka katondo pakatipo. Koma pozungulira khosi lonse, sankalumikiza. Ankasiya kampata kokwana chala chimodzi, kopanda kanthu.

Ine kampatako kankandinyansa. Tsiku lina mayi atapita kukatunga madzi, ndinatola munga n'kutseka mipata ya mitsuko inayi, bwinobwino, lilime lili panja. Ndinakhala pambali kudikira kutamandidwa. Chimene ndinalandira ndi khutu lotentha.

"Iwe Ndaziona, manja akuyabwa? Unaona nyumba yopanda khomo iwe?"

Anandikhazika padzuwa kufufuta ndi chala chonyowa, ntchentche zikundiseka. Madzulo mtima utatsika anandiuza kuti kalembedweko n'ka agogo, ndipo anaphunzitsa ana awo awiri okha, mayi ndi mng'ono wawo Mwandida. Chaka cha njala agogo atamwalira, achibale anagawana anawo ngati nkhuku. Mwandida anatengedwa kunka kutsidya, dziko la Apwitikizi, ndipo sanamvekenso. "Khomolo n'lake," anatero mayi. "Ukatseka, alowera pati?"

Patapita zaka ziwiri tinapita pabwato ku Chiromo ndi bambo ndi mayi kukagulitsa thonje. Maso anga anadya tsiku limenelo! Nsalu za kwa Mmwenye zamaluwa osafota, mikanda yofiira ndi yoyera, mbale yokhala ndi mbalame yojambula imene ndinafuna kuigwira nthenga. Pafupi ndi doko panali mayi wina wachisena atayala mitsuko. Ndinkaiyang'ana umodziumodzi monga mwana wa woumba, kufuna pouchitira chipongwe. Ndiye ndinaseka.

"Amayi, bwerani muone! Uyunso samaliza ntchito, ngati inu."

Mayi anabwera kuti andikoke khutu lina lija. Atayang'ana mtsukowo, dzanja linaima m'malere. Mafunde atatu, nthiti za nsomba, katondo, ndi kampata ka chala chimodzi. Anakhala pansi m'fumbi momwemo, mtsuko pamiyendo ngati khanda. Wogulitsayo anati sanaumbe ndiye. Anati woumba ndi mkazi wina wa ku Marka, mmodzi mwa amene anathawa nkhondo kutsidya, wosayankhulayankhula.

Bambo anadandaula kuti mapira ali m'munda ndipo mbalame sizidikira maliro kapena ukwati. Mayi anangokalowa m'bwato ndi mtsuko wawo n'kukhala. Bambo anayang'ana kumwamba, anayang'ana mayi, anatola mponda woyendetsera bwato. Tinatsika ndi Shire masiku awiri, udzudzu ukutidya ngati tinaulimira.

Ku Marka anatilozera kakhumbi ka bango. Panja panali mzimayi woonda, akusalaza mtsuko wauwisi. Mayi atamuitana kuti Mwandida, iye anakweza maso n'kuwatsitsanso. Dzinalo analisiya kalekale, Chimang'anja chinali chitamuthawa pakamwa, ndipo nkhope ya mayi sanaidziwe. Mayi anasendera pafupi. Kenaka anagwada, anatola munga umene unali pamphasa, n'kuyamba kulemba pamtsuko wa mwiniwake osapempha. Funde loyamba, lachiwiri, lachitatu. Atafika pothera anaima, n'kusiya mpata. Mzimayi uja anaika chala chake pampatapo, chinakwana ndendende.

"Atsibweni anati munafa," anatero Mwandida m'Chisena chosakaniza. Kulira kumene kunatsatira kunaitana mudzi wonse.

Pobwerera m'bwato, titamutenga Mwandida, mayi anamuuza za khomo lija. Mayi aang'ono anaseka mpaka kutsokomola. "Khomo lanji, akulu? Pamenepo m'pamene amayi ankagwira ndi chala potembenuza mtsuko!" Anakangana za zimenezi zaka makumi awiri, akuumba pamphasa imodzi, ndipo palibe anagonja.

Bambo anapeza mapira atatha ndi mbalame, ndipo ankaikumbutsa nkhaniyo pa mowa uliwonse mpaka tsiku lawo. Mayi anatsogola chaka cha madzi aakulu. Mayi aang'ono anakwatiwa kwathu konko, anabereka ana atatu, ndipo ndi amene anandimeta pa chinamwali. Mayi wachisena uja sitinamuonenso, koma ndimamuthokozabe, takhuta, kulikonse kumene anagona.

Lero atsikana amatungira m'ndowa za m'sitolo, zopepuka, zosasweka, zofanana zonse ngati mazira. Sindizinyoza, msana wanga unazikonda. Koma ndowa singakuuze dzanja limene linaipanga. Ine maso anachita nkhungu, komabe mukandipatsa dongo ndi munga, mafunde atatu ndilemba. Ndipo mdzukulu akafuna kutseka kampatako, ndimamugwira dzanja, osati khutu.