Nyenyezi za Amalume

M'mawa uliwonse amalume ankapinda nyenyezi ya pepala n'kuimata pazenera. Anayamba zimenezi dokotala atawaletsa kuyendetsa basi chifukwa cha maso. Sankakhazikika. Ankati kukhala pansi, basi ikalira kumsewu adzuka kale kukasuzumira.

Nyenyezizo zinali mayeso awo. Ankati nsonga zonse zikamalingana, ndiye kuti dokotalayo ananama.

Tsiku lina anandiitana. "Tabwera mwanawe. Zalingana eti?"

Nsonga ziwiri zinali zitapotoka. Ndinangoyang'ana pansi.

"Kodi wasanduka bubu?"

"Sizinalingane, amalume."

Tsiku lonselo anangozungulirazungulira pabwalo osandilankhula, ndipo ndinaopa kuti andida. Kutacha anavala jekete n'kundigogodera.

"Tiye undiperekeze kwa dokotala uja. Uzindiwerengera zikwangwani zam'njira, koma monong'ona, anthu asamve."